Mmene mungalukire nkhani pa ulendo wa ngwazi

Olemba ambiri amagwa pamalo amodzimodzi. Chiyambi chimatuluka bwino, mpangankhani (munthu amene nkhani ikumutsatira) wanyamuka, owerenga ali tcheru. Ikafika pakati, nkhani ija imangoti balala, zochitika kuunjikana popanda chozimanga pamodzi, ndipo mlembi akatopa amangoidula ndi ukwati, imfa kapena maloto. Ena amafika kumathero ndithu, koma munthu amene wabwerera kwawo ndi yemwe uja anachoka, osasintha ngakhale pang'ono, moti womvera amatsala akudzifunsa kuti mtunda wonsewu tayenderanji.

Mankhwala akale a vutoli ndi kalukidwe kamene kamapezeka m'nthano za mitundu yambiri: munthu amachoka kwawo, amalowa kuchilendo kumene amayesedwa mpaka kutsala madzi amodzi, kenaka amabwerera atanyamula chinthu chimene kwawo kunalibe. Katswiri wina wa nthano, Joseph Campbell, anakagawa m'zigawo 17 m'buku lake la mu 1949, ndipo Christopher Vogler, polangiza olemba mafilimu, anazichepetsa kufika pa 12. Musavutike ndi kuloweza mindandanda imeneyo. Masitepe ali m'munsiwa ndi a munthu amene wakhala pansi ndi pepala ndipo akufuna kuti nkhani yake ifike kumathero ili yamoyo.

Zofunika musanayambe

Timakadi 12, kapena mapepala odula kukula ngati chikhatho. Akhale aang'ono dala, chifukwa chochitika chimene sichikukwana pa kakhadi kamodzi ndiye kuti simunachimvetse.

Pensulo ndi chofufutira. Mufufuta kwambiri.

Pepala limodzi lalikulu lojambulapo.

Nthano imodzi yakale ya ulendo imene mumaidziwa pamtima.

Wotchi, ndi munthu mmodzi womvetsera amene sachita nanu manyazi.

Muyeneranso kudziwiratu kutalika kwa nkhani. Pano titenga ya mawu 3,000: mawu 750 a kunyamuka, 1,500 a kuchilendo, 750 a kubwerera. Ngati ndi yofotokoza pakamwa ya mphindi 12, ndiye kuti mphindi 3, 6 ndi 3. Ikakhala yaitali kuposa apa, kagawidwe ndi komweko: kotala, theka, kotala.

Sitepe 1: Phwasulani nthano yakale kaye

Jambulani mzere wozungulira papepala lalikulu lija, kenaka muudule pakati ndi mzere wopingasa. Kumtunda lembani "kwawo", kumunsi "kuchilendo". Pamene mizere iwiriyi yakumana pali malo awiri: polowera ndi potulukira. Tengani nthano yanu yakale ija, muike chochitika chilichonse pamalo pake mozungulira.

Yesani ndi Yona. Wauzidwa kuti apite ku Nineve, akwera chombo cha ku Tarisi, namondwe auka, aponyedwa m'nyanja. Apo ndi polowera. Masiku atatu usana ndi usiku m'mimba mwa chinsomba ndiye pansi penipeni. Kulavulidwa kumtunda ndi potulukira. Ntchito imeneyi imatenga mphindi 15 zokha, koma imakuonetsani chinthu chofunika: nthano yeniyeni simadzaza malo onse. Yona alibe mlangizi womupatsa chida, ndipo nkhani yake imatha ali wokwiya pansi pa chomera chofota. Komabe ndi nkhani yogwira mtima mpaka lero.

Chenjerani: musakakamize nthano kuti ilowe pamene sikulowa. Malo akatsala opanda kanthu, asiyeni choncho.

Sitepe 2: Lembani zosowa ziwiri

Pa kakhadi koyamba lembani chiganizo chimodzi chokha chotere: "Akufuna chakuti, koma chimene akusowa ndi chakuti." Choyamba ndi chooneka ndi maso, chimene angachitchule yekha: madzi, mankhwala, m'bale wotayika, ufumu wolandidwa. Chachiwiri ndi cham'kati, chimene iye mwini sakuchidziwa kapena akuchikana.

Gilgamesh, mfumu ya mzinda wa Uruk m'nthano yakale ya ku Mesopotamiya, bwenzi lake Enkidu litamwalira ananyamuka kukafuna moyo wosatha. Icho ndi chimene ankafuna. Chimene ankasowa ndi kuvomereza kuti iyenso adzafa. Zosowa ziwirizi zikukokana, ndipo kukokana kumeneko ndiko kumayendetsa nkhani yonse.

Kuti tione bwino, tiluke chitsanzo chathu chimene tizibwererako. Mtsikana wina, mwana wa mmisiri wokumba zitsime amene anamwalira, akuona chitsime cha kwawo chikuuma. Akufuna madzi. Chimene akusowa ndi kutha kupempha thandizo, chifukwa anakula akukhulupirira kuti wothandizidwa amasanduka kapolo wa womuthandiza.

Chenjerani: "akusowa kulimba mtima" ndi "akusowa chikondi" ndi mawu otambalala kwambiri, sagwira ntchito. Fufuzani bodza lenileni limene munthuyo amadziuza, loti atha kulinena ndi pakamwa pake pokangana ndi mnzake. Mukalipeza, mayeso onse a m'tsogolo amangotuluka okha. Mukalephera kulipeza, musapitirire, chifukwa zonse zimene mungamange pamwamba pake zidzagwedera.

Sitepe 3: Lembani mathero musanalembe chiyambi

Apa ndi pamene ambiri amakana, amati mathero adzabwera okha. Sabwera. Tengani kakhadi komaliza mulembepo chinthu chimodzi chimene mpangankhani adzachita atabwerera, chimene pachiyambi sakanachita ngakhale mutamuopseza ndi mpeni. Chikhale chochita chooneka, osati chomva mumtima. Kenaka tengani kakhadi ka chiyambi mulembepo chochitika chofanana nacho, malo omwewo, anthu omwewo, koma iye akuchita zosiyana.

M'chitsanzo chathu, chiyambi: mtsikana akutsikira m'chitsime yekha, chingwe wamangirira kumtengo, ndipo amene afuna kumugwirira akuwathamangitsa. Mathero: waima pakamwa pa chitsime chomwecho, akupereka nsonga ya chingwe m'manja mwa anthu, n'kunena kuti, "Ndigwirireni." Simufunikanso kulemba kuti wasintha. Owerenga aona okha.

Nthano ya Gilgamesh imachita zomwezi. Imayamba ndi kutamanda malinga a mzinda wa Uruk, ndipo iye atabwerera chimanjamanja amaonetsa mnzake wa paulendo malinga omwewo. Malinga sanasinthe, wasintha ndi munthu wowayang'anayo.

Sitepe 4: Kwawo, kuitanidwa ndi kukana

Makadi atatu, ndipo onse pamodzi asapitirire mawu 500.

Kwawo kuonekere m'chochitika chimodzi, chija mwalemba kale pa sitepe 3. Mawu 200 akwana. Osayamba ndi kutuluka kwa dzuwa, kudzuka kwa mpangankhani kapena mndandanda wa makolo ake. Yambani ali pa ntchito, bodza lake lija likuoneka m'zochita zake, ndipo muonetsenso kanthu kamodzi kokoma ka kwawoko. Kukakhala koipa kokhakokha, palibe amene angamve chisoni kuti akuchoka, komanso palibe chifukwa choti abwerereko.

Kuitanidwa ndi uthenga kapena tsoka limene likusokoneza moyo wa masiku onse. Kukhale ndi zinthu ziwiri: nthawi yoikika ndi chotayika. "Madzi atsala a masiku khumi" ndi kuitana. "Tsiku lina madzi adzatha" ndi nkhani ya pamacheza.

Kukana ndi kumene olemba amakonda kudumpha poganiza kuti kumachedwetsa. Zoona zake n'zakuti kukana kumaulula mantha a munthu msanga kuposa ndime zisanu zofotokoza khalidwe lake. Onani Mose pa chitsamba choyaka moto, pa Eksodo 3 ndi 4. Akuzemba kasanu: ndine yani ine, nanga akandifunsa dzina lanu ndikati chiyani, sakandikhulupirira, sinditha kulankhula, ndipo pomaliza akungoti tumani wina. Zifukwa zinayi zoyambazo zikuyankhidwa chimodzichimodzi mpaka kutsala chenicheni, choti sakufuna basi. Tengerani kalongosoledwe kameneko: chifukwa chomveka bwino chikhale patsogolo, chochititsa manyazi pambuyo. M'nkhani yaifupi ziwiri zakwana.

Kenaka pakhale chomukankha. Chisakhale mawu olimbikitsa a munthu wina, koma kukula kwa chotayika chija. Mng'ono wake wa mtsikana uja wadwala chifukwa cha madzi a matope. Tsopano kukhala kukupweteka kuposa kupita.

Sitepe 5: Mlangizi ndi mphatso yake

Mawu 150 kapena 200, osapitirira. Mlangizi ali ndi ntchito ziwiri: kupereka chinthu chimodzi, ndi kuchoka.

Mphatso yabwino imakhala ndi malire. M'nthano ya Agiriki, Ariadne anapatsa Theseus ulusi polowa m'nyumba yosokoneza ya ku Crete. Ulusiwo sunaphe chilombo chotchedwa Minotaur, unangomusonyeza njira yotulukira. Kupha kunali kwa iye mwini. Mukapereka chida chothetsa mavuto onse, mwapha nkhani musanaiyambe.

M'chitsanzo chathu, nkhalamba ina imene inkakumba zitsime ndi bambo ake ikumupatsa chingwe. Iye akuchiyeza n'kudandaula kuti n'chachifupi. Nkhalamba ikungoti, "Bambo ako nawonso ankatero," osaonjezerapo kanthu. Owerenga asunga mawu amenewo, ndipo tanthauzo lake lidzaoneka kutsogolo.

Chenjerani: mlangizi wolankhula miyambi ndime zitatu amatopetsa. Mupatseni chilema chake, kaya ndi ukali, kuiwala kapena mangawa akale, kuti akhale munthu. Ndipo asapite nawo mpaka pansi. Akakhalapo pa nthawi ya mayeso aakulu, womvera amafunsa kuti bwanji osangochita yekha mkuluyu.

Sitepe 6: Kuoloka malire ndi mayeso atatu

Gawo limeneli ndi limene limagwetsa nkhani zambiri, choncho tikhalitsapo.

Malire akhale chinthu chogwirika: mtsinje, chipata, chigwa, khomo la sitima. Akaoloka, njira yobwerera itsekeke, kapena ikhale yodula moti sangaiyerekeze. Kutsidyako malamulo asinthe, kutanthauza kuti luso limene linkamupatsa ulemu kwawo likhale lopanda ntchito kapena lomuika m'mavuto. Sipafunika mizimu kapena zilombo ayi. Tauni yaikulu kwa munthu amene sanayendepo, ndende, chipatala, ngakhale banja la eni, zonsezi ndi kuchilendo.

Nthano ya mulungu wamkazi Inanna, ya kudziko lakale la Sumer, ili ndi njira yothandiza kwambiri. Potsikira kudziko la akufa anadutsa zipata 7, ndipo pa chipata chilichonse ankamuvula chinthu chimodzi cha ulemerero wake, kuyambira chisoti chachifumu, mpaka anafika wamaliseche. Chitani chimodzimodzi. Olemba atsopano amakonda kumuonjezera zinthu mpangankhani akamapita, mabwenzi, zida, mphamvu. Inu muzimulanda. Pansi pa kakhadi kalikonse ka mayeso lembani kuti "wataya chiyani?" ndipo pakhale yankho.

Mayeso akhale atatu, ndipo onse amenye pa bodza lija. Kukula kwake kuzikwera: mawu 250, 300, kenaka 400.

Pa yeso loyamba apambane ndi njira yake yakale, koma alipire pang'ono. Mtsikana wafika pa chigwa chozama. Wapaulendo wina akumutambasulira dzanja, iye akukana, akuoloka yekha, koma chotengera chake cha madzi chagwera pansi. Iye akuona ngati wapambana.

Pa lachiwiri njira yakale imupweteke. Ludzu lamugwira, waona msasa wa anthu odula miyala. Kupempha sangathe, choncho akudikira usiku n'kuba madzi. Amuona, athawa mumdima, wasochera ndipo wabinya mwendo.

Pa lachitatu njira yakale ilephereretu. Wapaulendo uja wamupeza akutsimphina, akumufunsa ngati ali bwino. Iye akunama kuti akungopuma. Munthuyo akupitirira ulendo wake. Mtsikana akuyesa kukwera phiri ndi mwendo umodzi, akuterereka, akugwera m'phanga.

Taonani mmene zagwirizanira. Anaba chifukwa anataya madzi, anabinya mwendo chifukwa anaba, anagwa chifukwa cha mwendo ndi bodza lake. Pakati pa makadi anu payenera kukwana mawu oti "choncho" kapena "koma". Pakangokwana "kenaka", ndiye kuti mwangondandalika zochitika, simunaluke. Njira yoyesera ndi yapafupi: sakanizani makadi atatuwo muwayale mwachisawawa. Nkhani ikamvekabe bwino, sanamangane, bwererani mukawakonze.

Mabwenzi ndi adani amalowera pano. M'nkhani ya mawu 3,000 musapitirire anthu atatu atsopano, ndipo aliyense abwere kawiri. Wapaulendo ndi odula miyala aja sitinawatchule pachabe, tiwafunanso. Wopinga naye akhale ndi chake chimene akuteteza. Odula miyala sakuthamangitsa mtsikana chifukwa cha nkhanza, madzi awo nawonso ndi owerengeka.

Chenjerani ndi mayeso ongofuna mphamvu za thupi. Kumenyana ndi chilombo, kenaka chilombo chokulirapo, kenaka chokulirapo china, ndi yeso limodzi lolembedwa katatu.

Sitepe 7: Pansi penipeni

Mawu 400 mpaka 500, ndipo muchepetse liwiro. Apa mpangankhani alibe chida, alibe mlangizi, ndipo njira yake yakale yafa. M'nthano zakale malo amenewa nthawi zambiri amakhala imfa yeniyeni kapena chithunzi chake: mimba ya chinsomba, dzenje, dziko la akufa kumene Odysseus, ngwazi ya m'ndakatulo ya Agiriki yotchedwa Odyssey, anapita kukafunsa mlosi Tiresias za njira ya kwawo. Kwa inu chofunika n'chakuti pafe kanthu, ndipo chimene chiyenera kufa ndi bodza lija.

Lembani motsatana chonchi. Choyamba, ayesenso njira yakale komaliza, ilephere. Chachiwiri, pakhale bata, ndime imodzi yopanda chochitika, momwe akumva kuzizira, mdima, fungo la malowo. Chachitatu, aone chimene ankafuna chili pafupi koma chosafikirika. Chachinayi, asankhe.

Mtsikana waponya chingwe m'mwamba kangapo, sichikufika, chatsala mikono iwiri. Wakhala pansi. Mu bata limenelo akumva madzi akuyenda kuseri kwa thanthwe, ndipo akuzindikira kuti miyala inagumuka n'kutseka njira imene madziwo ankadzera popita kwawo. Wapeza chimene anadzera, koma afera nacho momwemo. Kumtunda akumva nyundo za anthu aja anawabera. Chingwe chija n'chachifupi chifukwa chinapangidwa kuti chizilumikizidwa ndi cha munthu wina. Akukuwa.

Chenjerani kwambiri apa: chipulumutso chisagwe kumwamba. Wapaulendo akangotulukira mwangozi n'kumutulutsa, mtsikana sanasankhe kanthu ndipo sanasinthe. Thandizo litha kubwera, koma libwere chifukwa cha chimene iye wachita, ndipo likhale ndi mtengo wake. Odula miyala akumufunsa ali m'dzenje momwemo ngati ndi iye anaba madzi. Mtsikana ayenera kuvomera iwo asanaponye chingwe chawo. Lamulo lina ndi ili: chilichonse chomupulumutsa pano chikhale chitaonekera kale m'kotala yoyamba kapena m'mayeso. Ngati mwachiganizira mochedwa, bwererani m'mbuyo mukachibzale.

Sitepe 8: Njira yobwerera ndi kufika

Olemba ambiri amafika pano atatopa, n'kumaliza ndi chiganizo chimodzi choti anabwerera kwawo ndipo onse anasangalala. Kumeneko n'kutaya kotala yonse ya nkhani. Ndakatulo ya Odyssey ili ndi magawo 24, ndipo Odysseus amafika pa chilumba cha kwawo cha Ithaca m'gawo la 13. Pafupifupi theka lonse ndi nkhani ya munthu amene wafika kale koma sanalandiridwe.

Panjira, mphotho ikhale pangozi. Walira mvula walira matope. Gilgamesh anatenga chomera chobwezera unyamata pansi pa nyanja, koma ali kusamba padziwe njoka inachiba. Orpheus analoledwa kutulutsa mkazi wake Eurydice kudziko la akufa pokhapokha asacheuke, ndipo anacheuka atatsala pang'ono kutuluka. Anzake a Odysseus anamasula thumba la mphepo limene Aeolus, wolamulira mphepo, anamupatsa, Ithaca akumuona ndi maso, ndipo mphepozo zinawabweza kumene anachokera. M'zitsanzo zitatuzi ngozi yafika munthu atayamba kumasuka mtima. Ikani yanu pamenepo. Mawu 250 akwana.

Pofika, dziyankheni mafunso atatu.

Kwasintha chiyani iye kulibe? Kwawo sikuima kudikira munthu. Mose potsika m'phiri ndi magome a miyala anapeza anthu akuvinira mwana wang'ombe wagolide. Mtsikana wathu akupeza anthu ayamba kukumba chitsime china pamalo olakwika, motsogozedwa ndi munthu amene sangakonde kuuzidwa kuti walakwa.

Amuzindikira ndani, ndipo ndi chiyani? Odysseus analowa m'nyumba yake atavala ngati wopemphapempha. Galu wake wokalamba Argos anamuzindikira, mlezi wake anamudziwira chipsera cha pamwendo pomusambitsa mapazi, ndipo mkazi wake Penelope sanakhutire mpaka atamuyesa ndi chinsinsi cha bedi lawo. Kuzindikirika pang'onopang'ono kotere kumakoma kuposa chikondwerero cha mudzi wonse nthawi imodzi. Sankhani munthu mmodzi woti aone kusinthako poyamba, makamaka amene anapwetekedwa kwambiri ndi khalidwe lakale lija.

Chimene wabwera nacho chithandiza bwanji ena? Sundiata, amene ali mwana sankatha kuyenda ndipo pambuyo pake anakakhala kuchilendo, sanabwerere kudzangoonetsa kuti wakula. Anagonjetsa Soumaoro Kanté pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235, ndipo ufumu wa Mali unayambira pamenepo. Nkhani yanu itha kukhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, koma mphotho yothera m'thumba la mwini yekha imasiya womvera ndi njala. Mtsikana sanabwere ndi madzi, wabwera ndi chidziwitso choti thanthwe lija lingasunthidwe ndi manja ambiri. Kuti anthu amutsatire ayenera kuwapempha, ndipo apo mwafika pa kakhadi kamene munalemba pa sitepe 3. Akangopereka chingwe chija, imani. Musaonjezere ndime yofotokoza phunziro.

Sitepe 9: Yesani ndi khutu

Siyani nkhaniyo masiku awiri. Kenaka muiwerenge mokweza kwa womvetsera uja, wotchi ili pambali. Lembani mphindi imene mpangankhani waoloka malire. Ngati nkhani yadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu iye akadali kwawo, dulani chiyambi. Muziyang'ananso nkhope ya womverayo, ndipo paliponse pamene wayang'ana kumbali ikani kachizindikiro. Kawirikawiri pamakhala pa malangizo a mlangizi kapena pa yeso lachiwiri.

Mukamaliza musamufunse ngati yakoma, adzangoti yakoma. Mufunseni kuti munthuyu amaopa chiyani pachiyambi, ndipo ndi pati pamene anasiya kuopa. Akaloza pansi penipeni paja, nkhani yagwira. Akaloza pena kapena akangoti kukamwa yasa, vuto lili pa sitepe 2.

Zolakwika zofala

Kudzaza zigawo zonse ngati fomu. Mlembi amawerenga kuti pali zigawo 12 kapena 17 n'kuyamba kusaka choika pa chilichonse. Zotsatira zake ndi nkhani yoti womvera amalosera chobwera asanachimve. Zosasoweka ndi zitatu zokha: kuchoka, pansi penipeni ndi kubwerera. Zinazo mutha kuphatikiza, kusinthanitsa kapena kuchotsa. Mlangizi atha kubwera mochedwa, atha kukhala wonama, atha kusakhalapo.

Kuganiza kuti nkhani iliyonse ndi ulendo wa ngwazi. Si choncho, ndipo akatswiri ambiri a nthano anadzudzula Campbell kuti ankatola zidutswa zogwirizana ndi maganizo ake n'kusiya zotsutsana nawo. Nthano za Kalulu, kapena za kangaude Anansi wa ku West Africa, zimakoma chifukwa mwini nkhani sasintha, mawa adzapusitsanso wina. Mukamupatsa Kalulu phunziro la moyo ndi kulapa, mwamuwononga. Nthano zofotokoza chiyambi cha zinthu, ndi zija zimathera pa funso loti omvera akangane, nazonso zili ndi kalukidwe kawo. Ngati nkhani yanu ikukana kulowa mu mzere wozungulira uja, mwina si yolakwika, yangokhala ya mtundu wina.

Kusandutsa anthu ena katundu wa ngwazi. Izi zimagwera makamaka akazi, amene amangoikidwa ngati mphotho ya kumathero kapena chiyeso cha panjira. Maureen Murdock analemba buku lonse mu 1990 poona kuti kalukidwe ka Campbell sikankafotokoza bwino ulendo wa mkazi. Njira yodzitetezera ndi yosavuta: kuseri kwa kakhadi kalikonse lembani chimene munthu winayo akufuna pa chochitikacho. Mukasowa cholemba, ameneyo si munthu, ndi chipilala.

Ngwazi yopanda banga. Munthu wolimba mtima, wanzeru ndi wachifundo kuyambira tsamba loyamba alibe koti apite. Kulakwitsa kwina kofanana nako ndi kumupatsa banga losakhudzana ndi ulendo, monga kuopa akangaude m'nkhani yokhudza kukhululuka.

Ulosi wochita ntchito yonse. Mukalemba kuti anabadwa wosankhidwa ndipo zinaloseredwa kuti adzapambana, mwachotsa mantha onse. Ngati ulosi ukufunikadi, ukhale wosamveka bwino, kapena ukwaniritsidwe m'njira imene iye sakanaifuna.

Kusokoneza mtunda ndi ulendo. Mayina a mapiri, mitsinje ndi mizinda khumi sapanga ulendo. Werengani malo onse amene mpangankhani wapondamo, ndipo pa alionse mufunse chimene wataya kapena wasankha pamenepo. M'nkhani ya mawu 3,000 malo asanu ndi okwanira: kwawo, malire, awiri a mayeso, ndi pansi paja. Achisanu ndi chimodzi akapezeka opanda yankho, afufuteni, ndipo mawu amene mwapulumutsawo muwapititse ku gawo la kufika, limene pafupifupi nthawi zonse limakhala litaperewera.